Kodi Anagwapo Posachedwapa?

Matenda ambiri a mu ubongo madokotala amangowachepetsa liwiro, kuwachiza ayi. Koma lilipo vuto limodzi limene munthu angathe kulowa nalo m'chipinda cha opaleshoni asakuzindikira ana ake, n'kudzuka mawa lake akuwaitana mayina. Ndi magazi amene amakha pakati pa ubongo ndi chikopa cholimba chimene chimaukuta, amene madokotala amati subdural hematoma. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti vutoli likagwira munthu wachikulire limafanana kwambiri ndi ukalamba. Achibale amaona agogo akuiwalaiwala, akudzandira, akugona usana wonse, n'kungoti zaka zachuluka. Amawasamalira ndi chikondi chonse, kuwadyetsa, kuwasambitsa, osadziwa kuti chimene chikuwafooketsacho chingathe kutuluka pa kabowo kakang'ono koboola pa chigaza.

Ubongo sukhudzana ndi fupa la mutu. Pakati pake pali zikopa zitatu zosanjikizana. Chakunja, chotchedwa dura, n'chokhuthala ndi cholimba, ndipo chinamatirira ku chigaza. Chapakati, arachnoid, n'chopyapyala kwambiri, ndipo pansi pake pali madzi oyera amene ubongo umayandamamo. Chachitatu, pia, chili pa ubongo penipeni, kutsata makwinya ake onse. Magazi amene amaliza ntchito mu ubongo amatuluka kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono timene timachoka pamwamba pa ubongo, kudumpha kampata, n'kukathira m'mitsempha ikuluikulu ya mu dura. Nkhani yonse yagona pa timitsempha timeneti. Mbali imodzi tinagwira ku ubongo umene umatha kusuntha, mbali inayo ku dura amene sasuntha. Mutu ukagunda chinthu, chigaza chimaima pomwepo koma ubongo umapitirira pang'ono, ndipo kamtsempha kakakokeka mopyola muyeso kamang'ambika.

Magazi akakhera mkati mwa ntchafu, mnofu umatupa, khungu limafutukuka, pakapita masabata angapo zatha. Chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Mfundo imeneyi inayamba ndi Alexander Monro wa ku Edinburgh mu 1783, George Kellie anaiwonjezera mu 1824, ndipo mpaka lero aliyense wophunzira za ubongo amayambira pomwepo: malo a m'chigaza ndi owerengeka, chimodzi chikachuluka china chiyenera kupatuka. Poyamba thupi limayesetsa ndithu. Limakankhira madzi ena ku msana, limachepetsa magazi a m'mitsempha. Zimenezi zikatha, umene umafinyika ndi ubongo weniweniwo. Umasendera mbali inayo, kenako umakankhikira pansi, kumene kuli tsinde la ubongo loyendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. N'chifukwa chake madokotala amathamanga akaona kuti mwana wa diso limodzi wakula ndipo sakuchepa pomuunika ndi tochi: mtsempha woyendetsa disolo wapanikizika, ndipo nthawi yatsala yochepa.

Kukha kwa magaziku kumabwera m'njira ziwiri zosiyana kwambiri moti munthu angaganize kuti ndi matenda awiri. Yoyamba ndi yadzidzidzi, ya ngozi ya galimoto kapena njinga yamoto, ya kugwa pamalo okwera, ya kumenyedwa m'mutu. Magazi amaundana n'kukhala chibuma mkati mwa maola ochepa, ndipo kawirikawiri ubongo wa pansi pa chibumacho umakhala utavulala nawonso. Imeneyi ndi imodzi mwa mivulalo ya m'mutu yakupha kwambiri. Kafukufuku wa ku Richmond, Virginia, amene anasindikizidwa mu 1981 anapeza kuti mwa odwala okomoka amene anachitidwa opaleshoni asanathe maola 4, anamwalira 30 pa 100 alionse, pamene mwa ochedwa anamwalira 90 pa 100. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti kukula kwa bala la mu ubongo nakonso kumalamula kwambiri, si nthawi yokha, koma palibe amene anatsutsa kuti kuchedwa kumapha. Pano achibale sasokonezeka: aliyense waona ngozi, aliyense akudziwa kuti n'zakuchipatala.

Palinso kukha kwina koyandikana nako kumene ndiyenera kutchula, chifukwa kumanyenga. Magazi angathe kukha kunja kwa dura, pakati pa dura ndi fupa, makamaka fupa lopyapyala la pa litsipa likasweka n'kudula mtsempha wothamanga magazi umene umadutsa pamenepo. Munthu amagwa, n'kudzuka, n'kumacheza bwinobwino, kenako pakapita maola ochepa amakomoka osadzukanso. Natasha Richardson, wochita masewero a m'mafilimu wa ku Britain, anamwalira motero mu 2009 atagwa pa masewero otsetsereka pa chipale ku Canada. Poyamba ankalankhula ndipo anakana thandizo. Munthu akadzuka n'kunena kuti ndili bwino, sizitanthauza kuti m'mutu muli bwino.

Njira yachiwiri, yapang'onopang'ono, ndiyo yandilembetsa nkhani ino.

Munthu akamakula, ubongo umafota pang'onopang'ono. Zimenezi zimachitikira aliyense, ndipo mowa wa zaka zambiri umazifulumizitsa. Ubongo ukafota, mpata wa pakati pa iwo ndi dura umakula, ndipo timitsempha tija timakhala tokokeka kale tsiku ndi tsiku. Apa sipafunikanso ngozi yaikulu. Kuterereka kubafa, kugunda mutu pa chitseko cha galimoto, ngakhale kugwa chokhala pansi mutu osagunda paliponse, n'kokwanira. Ndipo mpata womwewo umene unakoka mitsempha ndi umene umabisa vuto, chifukwa magazi amapeza malo okhalamo osafinya ubongo msanga. Munthu amadzuka, amasisita pamene pagundapo, moyo n'kupitirira.

Chimene chimachitika m'masabata otsatirawo n'chodabwitsa. Thupi limayesa kuchotsa magaziwo, ndipo poyesapo limawakuta ndi kachikopa katsopano. M'kachikopamo mumamera timitsempha tatsopano tosalimba timene timadontha. Magazi akalewo amasungunuka, amasiya kuundana, ndipo amasanduka madzi akuda amene madokotala a opaleshoni amawafanizira ndi oyilo wakale wa galimoto. Kudontha kulikonse kumawonjezera madziwo, thumba limakula, kachikopa kamakokeka n'kudonthanso. Ndiye kuti chimene chikudwalitsa munthu m'mwezi wachiwiri si magazi a tsiku logwa lija okha, koma thumba limene layamba kudzidyetsa lokha. Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany, mu 1857, ataona kachikopa kameneka m'mitembo anaganiza kuti vutoli ndi kutupa kwa dura kochokera mkati. Mu 1914 Wilfred Trotter wa ku London anatsutsa, nati gwero lake ndi kuvulala, ngakhale kochepa kwambiri. Lero tikudziwa kuti aliyense anagwira mbali yake: kuvulala kumayambitsa, kutupa kumapitiriza.

Ine vutoli ndinaliona pa azakhali anga. Anali munthu wa nthabwala, wosunga tsiku lobadwa la mdzukulu aliyense pamtima. Zinayamba ndi mutu umene ankati sukuwawa kwenikweni koma ukulemera. Kenako anayamba kusiya chiganizo pakati, kukoka mwendo wakumanja poyenda, kugwetsa supuni. Chimene chinkasokoneza kwambiri n'chakuti sizinkakhala chimodzimodzi: m'mawa ankacheza ngati kale, madzulo osadziwa kuti ali kuti, mawa lake alinso bwino. Kuchipatala dokotala atawayeza mphamvu ya manja ndi miyendo anawafunsa kuti, "Amayi, munagwapo posachedwapa?" Iwo anati ayi. Mwana wawo anatinso ayi. Amene anakumbukira anali mdzukulu wamng'ono: "Agogo, suja munaterereka kubafa mpaka munatupa pachipumi?" Panali patapita pafupifupi miyezi iwiri, ndipo chotupacho chinali chitaphwa kalekale. Sikani inaonetsa thumba la magazi kumanzere kwa mutu, ubongo utasendera kumanja. Mwendo wofooka unali wakumanja chifukwa mbali iliyonse ya ubongo imayendetsa mbali inayo ya thupi.

Odwala ambiri a mtundu umenewu sakumbukira n'komwe kuti anagundapo mutu, ndipo si zachilendo: kugwako kunali kochepa, nthawi yapita, komanso chiwalo chimene chikanakumbukira ndi chomwe chapanikizikacho. Choncho ayi wa wodwala sangatseke nkhani.

Mpata wa nthawi umenewu ndiwo msampha, ndipo sukola anthu osadziwa okha. Ronald Reagan, mtsogoleri wakale wa United States, anagwa pa hatchi ku Mexico mu July 1989, opaleshoni yochotsa magazi m'mutu inachitika mu September. Cristina Fernández de Kirchner, ali mtsogoleri wa Argentina, anagunda mutu mu August 2013 n'kuchitidwa opaleshoni mu October. Luiz Inácio Lula da Silva, ali mtsogoleri wa Brazil, anagwa kubafa mu October 2024, anapimidwa, anapitiriza ntchito, ndipo mu December anathamangitsiridwa ku São Paulo mutu utakula n'kukachitidwa opaleshoni. Onsewa anali ndi madokotala pafupi, koma thumba linakulabe mwakachetechete kwa masabata ambiri. Ndikaganizira zimenezi sindingaloze chala banja limene lachedwa kuzindikira. Chimene ndikufuna n'chakuti banjalo lidziwe kuti chinthu chotere chilipo.

Matenda oiwalaiwala a ukalamba amayenda ndi zaka. Munthu amene mwezi watha anali wochangamuka, lero akusochera m'nyumba mwake, ameneyo si ukalamba mpaka dokotala atatsimikiza. Kusintha kwa masabata, mutu wosaleka umene ukukulirakulira, kuwodzera kosazolowereka, kusintha khalidwe, kuyenda modzandira kapena kugwaigwa, kufooka mbali imodzi, mawu osamveka, kudzikodzera kumene kunalibe, kugwa ngati wakhunyu munthu amene sanadwalepo khunyu, zonsezi zikufuna sikani ya mutu. Zambiri mwa izi zimafanananso ndi sitiroko, ndipo apa pali ngozi ina: sitiroko yobwera chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha amaichiza ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, pamene mankhwala omwewo kwa munthu amene akukha magazi m'mutu amangowonjezera kukhako. Ndi maso okha palibe angasiyanitse motsimikiza, ngakhale dokotala.

Chimene chimasiyanitsa ndi sikani ya CT. Makina amenewa, amene Godfrey Hounsfield anapanga, anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo mu 1979 iye ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, analandira mphoto ya Nobel. Asanabwere makinawa, madokotala nthawi zina ankaboola chigaza pongofuna kuona ngati muli magazi. Ekisileyi wamba amaonetsa fupa basi. Akhoza kutuluka wabwinobwino magazi ali mbwee mkati. Pa CT magazi a pansi pa dura amaoneka ngati mwezi wongokhala kumene, atayala m'mbali mwa ubongo. Akakhala atsopano amaoneka oyera, akakalamba amada, ndipo pali masabata apakati pamene mtundu wake umafanana ndi wa ubongo moti angathe kubisala, makamaka akakhala mbali zonse ziwiri. Zikatero sikani ya mtundu wina yotchedwa MRI imathandiza. Dokotala amayeza zinthu ziwiri pa chithunzicho: kukhuthala kwa magazi, ndi mmene mzere wapakati pa ubongo wasendera. Pa kukha kwadzidzidzi, malangizo odziwika amati magazi akaposa mamilimita 10 kukhuthala, kapena ubongo ukasenda kuposa mamilimita 5, achotsedwe. Amayezanso kutsitsimuka kwa wodwala ndi muyeso wa Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza mu 1974. Umayang'ana kutsegula maso, kulankhula ndi kusuntha, kuyambira 3 mpaka 15. Mukamva anamwino akuti watsika kuchoka pa 14 kufika pa 11, dziwani kuti akunena chinthu chachikulu.

Si aliyense amene amafunika mpeni. Thumba laling'ono losavutitsa munthu madokotala angathe kungoliyang'anira ndi kujambulanso, ndipo ena amauma okha. Chimene sichidikira ndi nkhani ya mankhwala. Achikulire ambiri amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, aspirin, clopidogrel, apixaban kapena rivaroxaban chifukwa cha mtima kapena sitiroko yakale. Mankhwalawa amapulumutsa miyoyo, koma amachititsa kuti kamtsempha kong'ambika kasatsekeke msanga. Kuchipatala amawaimitsa, ndipo pofunika amabweza mphamvu yake; ya warfarin amaibweza ndi vitamini K pamodzi ndi mankhwala obwezeretsa zoundanitsa magazi. Munthu womwa mankhwala otere akagunda mutu apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, ndipo anyamule mapaketi ake onse. Koma asawasiye yekha poopa zimene ndalembazi, chifukwa kusiya kwachisawawa kumaitana sitiroko.

Opaleshoni ya thumba lakale ndi yosavuta poyerekeza ndi maopaleshoni ena a m'mutu. Dokotala amacheka khungu pang'ono, amaboola kabowo kamodzi kapena tiwiri pa chigaza, amatsegula dura ndi kachikopa kaja, madzi akudawo n'kutuluka, nthawi zina mochita kutumphuka chifukwa cha kupanikizika. Amatsukamo ndi madzi amchere, n'kusiyamo kachubu kotulutsa zotsalira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ena amachitidwa osagonekedwa n'komwe, atangobayidwa jakisoni wa dzanzi. Kachubuko kamaoneka kachabechabe koma kafukufuku wa ku Cambridge wa mu 2009 anaonetsa kuti mwa amene anaikidwa, vuto linabwerera kwa pafupifupi 9 pa 100, pamene mwa osaikidwa linabwerera kwa 24 pa 100, ndipo imfa nazo zinachepa. Kuboola chigaza si nzeru ya lero ayi. Zigaza zakale zoboola zapezeka m'maiko ambiri, ndipo mu 1867 dokotala wa ku France Paul Broca atayeza chigaza chochokera ku Peru ananena kuti mwini wake anakhalabe ndi moyo masiku angapo ataboolewa.

Chibuma chatsopano sichingatuluke pa kabowo chifukwa n'cholimba. Pamenepo amadula chigamba cha fupa, amachotsa chibumacho, amatseka pamene pakukha, n'kubwezera fupalo. Ubongo ukatupa kwambiri, fupalo amalisiya kaye kuti ubongo upeze kofutukukira, n'kudzatseka pakapita miyezi. Kafukufuku wa odwala 450 amene anasindikizidwa mu 2023 anayerekeza njira ziwirizi kwa odwala amene zonse zinali zotheka, ndipo patatha chaka zotsatira zinali zofanana.

Anthu ambiri amafunsa ngati palibe mapiritsi oti aumitse magaziwo. Funsoli n'lomveka, ndipo madokotala nawo analifunsa. Popeza kutupa ndiko kumakulitsa thumba, ambiri ankapereka dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa mu 2020 anapeza kuti omwa mankhwalawa sankabwerera ku opaleshoni kawirikawiri, koma anakumana ndi zovuta zambiri ndipo ochira bwino anali ochepa poyerekeza ndi osamwa. Ine zimandilimbitsa mtima kuti njira imene inkaoneka yanzeru inayesedwa poyera n'kupezeka yoperewera, m'malo mongopitirira chifukwa cha chizolowezi.

Njira yatsopano imene yabweretsa chiyembekezo ndi yotseka mtsempha umene umadyetsa kachikopa kodontha kaja, mtsempha womwe uja wodutsa pa litsipa. Dokotala amalowetsa kachubu kopyapyala pa dzanja kapena m'mphechepeche, amakayendetsa m'mitsempha mpaka m'mutu akuyang'ana pa makina, n'kuthira mankhwala otseka nthambi zake. Magazi amene alipo kale sachoka pompo, koma thumba limasowa chakudya n'kuyamba kuuma. Mu November 2024 kafukufuku atatu akuluakulu anasindikizidwa pamodzi, ndipo mmodzi wa ku United States anapeza kuti kuwonjezera njirayi pa opaleshoni kunatsitsa obwerera ku opaleshoni kuchoka pa 11 kufika pa 4 pa 100 alionse. Lula naye anachitidwa zimenezi patangopita masiku awiri chichitireni opaleshoni yake. Imafuna makina ndi akatswiri amene sapezeka paliponse, ndiye kwa odwala ambiri padziko lapansi kabowo ndi kachubu ndizo zidakali chipulumutso, ndipo zimagwira ntchito.

Makanda nawo ndisawaiwale. Mutu wa khanda ndi waukulu, khosi lake ndi lofooka, ndipo kuligwedeza mwamphamvu chifukwa cha kulira kungadule timitsempha tomweti popanda bala lililonse kunja. Liwombo lotukuka, kusanza, kukana kuyamwa, kugona kosadzuka ndi kukomoka ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala. Woleza mwana akafika potopa mpaka kupsa mtima, amugoneke pabwino n'kutuluka kaye.

Winanso amene amaphonyedwa ndi munthu woledzera. Kudzandira, kubwebweta ndi kugona kosadzuka aliyense amati ndi mowa, n'kumusiya kuti ugone naye. Koma womwa mowa kwambiri ndi amene ubongo wake wafota, magazi ake saundana bwino, ndiponso amagwa kawirikawiri. Woledzera amene wagunda mutu asasiyidwe yekha, ndipo akamavuta kudzutsa apite kuchipatala usiku womwewo.

Pa kugunda mutu kulikonse, tsiku loyamba wovulala akhale ndi munthu womuyang'ana. Kugona n'kololedwa, bola azidzuka bwinobwino akadzutsidwa. Mutu ukamawawa amwe paracetamol, osati aspirin kapena ibuprofen. Akakomoka ngakhale pang'ono, akasanza mobwereza, akasokonezeka, akafooka mbali imodzi, kapena magazi ndi madzi oyera akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, palibe zodikira kuti kuche. Wokomoka pa ngozi asamapindidwe khosi pomunyamula. Ndipo kwa wachikulire ndikupempha chinthu chimodzi chosavuta: lembani tsiku limene wagwa, ngakhale kugwako kuoneke kosati n'kudandaula, ndipo uzani onse omusamalira. Kwa miyezi itatu yotsatira, kusintha kulikonse kwa kayendedwe, kalankhulidwe kapena nzeru kufike kwa dokotala pamodzi ndi tsikulo. Akapanda kufunsa za kugwa, nenani nokha, ndipo funsani mwaulemu ngati sikani ya mutu siyofunika.

Sindikufuna kulonjeza zoposa zoona. Azakhali anga analankhula bwino mawa lake la opaleshoni, koma mwendo unatenga miyezi ya mafizo, ndipo kutopa kunakhalitsa kuposa mmene tinkayembekezera. Ena, makamaka okalamba kwambiri ndi odwala matenda ena, sabwerera pamene anali. Ovulala mwadzidzidzi ambiri amatsala ndi ulumali, kapena kusintha khalidwe kumene kumalemetsa banja kuposa chipsera. Ena amayamba kugwa khunyu ndipo amafuna mankhwala, ndipo kuyendetsa galimoto kumadikira chilolezo cha dokotala.

Wodwala akatuluka m'chipatala maso a achibale asachoke pa iye. Ubongo wa munthu wachikulire sufutukuka msanga kudzaza malo amene magazi anali, choncho mwa odwala 10 alionse, mmodzi kapena awiri thumba limadzazanso, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyamba. Zizindikiro zake ndi zomwe zija, ndipo opaleshoni yachiwiri imathandiza ngati yoyamba. Musanachoke m'chipatala funsani tsiku lobwerera kukaonedwa, ndipo funsaninso za mankhwala oletsa magazi kuundana amene anaimitsidwa: ayambirenso liti, ndipo ndi dokotala uti amene adzalamule, wa mutu kapena wa mtima. Kuyamba msanga kungabweretse kukha, kuchedwa kungabweretse sitiroko, ndipo yankho limasiyana munthu ndi munthu. Lilembedwe pa pepala lotulukira, ndi tsiku lake.